Chithunzi cha a Esinala Sindichotsa

Inu ana, Tamanda ndi Yohane, ndi iwenso Chisomo ngati wayamba kuwerenga wekha, ikani kaye pansi zimene mwagwirazo. Ndamva kuti bambo anu akuuzani kuti agogo anawachotsa ntchito kusukulu chifukwa cha pakamwa. Ndamvanso kuti iwe Yohane unafunsa ngati ndinaba mabuku. Iwe! Mutu ngati papaya. Ukabwera pa holide udzandifunse pamaso funso limenelo, tione ngati miyendo yako ili ndi liwiro. Sindinabe kanthu. Kiyi wa laibulale anandilanda, zimenezo n'zoona, ndipo bambo anu akufuna ndilembe kalata yopepesa kuti mwina andibwezere. Kalatayo sindilemba. M'malo mwake ndikulemba iyi, ndi chala chimodzi, pa foni yanga imene inu mumaiseka kuti ndi njerwa.

Muyambe mwadziwa kuti agogo anu sukulu anailekera sitandade faifi. Osati chifukwa cha umbuli, ayi. Mphunzitsi wina anandimva ndikuyankhula Chilomwe ndi mnzanga m'kalasi, n'kundigwaditsa pa miyala panja, manja m'mwamba, njerwa uku njerwa uku. Dzuwa la Okutobala, ana akudutsa akuseka. Ndinapirira mpaka manja anatopa, kenako mtima unapsa. Njerwa imodzi ndinaiponya pa windo la kalasi, inayo ndinaisiya pansi bwinobwino, n'kumapita kwathu. Sindinabwererenso. Ndinali mnyamata wa mtima wapachala, ndipo ndisakunamizeni, mtimawo sunakalambe nane limodzi. Mawondo akalamba, mano atha, koma iwo udakali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Kuchokera apo ndinalowa m'tiyi. Inu mumamudziwa tiyi ali m'kapu, atathiridwa mkaka. Ife tinkamudziwa ali pa tsinde, m'mawa mame ali mbwee, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, zala zitachita dzanzi. Nyengo ya chiperoni, kamvula kaja kosagwa kosaleka, unkayenda mu mzere osaona mnzako wa patsogolo, kumangomva kutsokomola kwake. Kamba wathu anali chinangwa chophika chokulunga m'tsamba la nthochi. Tsiku labwino kunali nyemba za kalongonda. Inu simumudziwa kalongonda, ndipo simungamuphike, chifukwa amafuna kumuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso, apo ayi akuzunguza mutu. Inu amene mumakwiya foni ikachedwa kutsegula kanema, mukanafa ndi njala mphika uli pamoto.

Maesiteti atatu anandichotsa ntchito, onse chifukwa cha makapitawo. Wina ananditcha mbuli pa sikelo anthu akumva, ndinamuveka dengu kumutu. Agogo anu aakazi, amene ndinawapeza kuno kwa Nchilamwela n'kukhala mkamwini pamudzi pawo mpaka lero, anati, "Bambo, mukapeze ntchito yopanda munthu woyankhula nanu." Ndiye ndinakhala mlonda wa masana pa sukulu ya pulaimale ya pafupi ndi esiteti, kutsegula geti, kusesa, kuthamangitsa mbuzi.

Chaka china kunabwera makatoni a mabuku, mphatso yochokera kutali. Anawaunjika m'kachipinda kosungiramo makasu, n'kuwaiwala. Inadutsa mvula, chinadutsa chiperoni. Tsiku lina ndikufuna khasu ndinamva fungo la chuku. Kutsegula katoni, mabuku atamatana, chiswe chitayamba kale phwando pansi. Zinandipweteka ngati ndaona chimanga chikuolera m'nkhokwe. Ndinawatulutsa onse, n'kuwayanika pa malata monga timayanikira makaka a chinangwa, kutembenuza tsamba ndi tsamba, sabata zitatu. A Hedi a nthawi imeneyo, malemu tsopano, anandipeza ndikuwerenga limodzi milomo ikugwedera. Anapisa m'thumba, n'kundipatsa kiyi. "A Faisoni, chipindachi n'chanu. Makasu tipezera pena."

Ndi mmene munthu wa sitandade faifi anakhalira woyang'anira laibulale. Mashelefu ndinakhoma ndekha ndi matabwa a bulugamu. Kasanjidwe ka manambala kaja amaphunzira kukoleji sindinkakadziwa, ndiye ndinasanja mwanga: opyapyala a zithunzi pansi, kuti wamfupi afikire; onenepa pamwamba; a matenda ndi a ulimi pafupi ndi khomo, chifukwa wowafuna amakhala ali pa changu. Mwana akabweza buku ndinkamufunsa za m'katimo. Akalephera, abwerere nalo. Ankanditcha a Moto. Ndinkamva, ndipo sindinkadana nalo dzinalo.

Tsopano mvetserani, chifukwa nkhani yeniyeni ikuyambira apa.

Kukomboni ya esiteti kuli mayi wina wotchola tiyi, a Esinala, wamasiye, msinkhu wa agogo anu aakazi. Tsiku lina la mvula anabwera kudzatenga mdzukulu wawo, n'kubisala pakhonde la laibulale. Ndinawaona akusuzumira buku lina lili pa tebulo, la nkhuku ndi anapiye ake. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi amenewa ndi a ana okha?"

Ndinati, "Buku silifunsa zaka."

Anati anayambako sukulu ya kwacha kalekale, zilembo amazidziwa, koma kuzilumikiza n'kumene kumavuta. Ndinawapatsa bukulo. Analilowetsa m'chitenje, pamimba, ngati munthu wobisa mankhwala. Patapita sabata anabweza, n'kunong'ona kuti mnzawo wina akufunanso, koma asadziwike.

Chinayamba choncho. Loweruka lililonse masana ndinkaika mabuku m'dengu, pamwamba n'kuphimba ndi masamba a nthochi, kumanga pa njinga. Wondiona ankati a Moto akukagulitsa nthochi. Ndinkazungulira makomboni, khomo ndi khomo, ndipo buku linkalowa m'nyumba mobisa monga linatulukira kusukulu. Muzimvetse bwino izi: munthu wamkulu, wa zidzukulu, kupezeka ndi buku la sitandade thu, kwathu kuno ndi manyazi oposa kung'ambika kwa buluku pamsika. Ndiye tonse tinkasunga pakamwa. Zaka zambiri ndithu, ndipo buku limene silinabwerere ndi limodzi lokha, linadyedwa ndi mbuzi. Mwini mbuziyo anabwera yekha kudzagwada.

Kenako kunabwera a Hedi atsopano, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo pambuyo pawo kunabwera bungwe lina la m'tauni ndi makompyuta awiri ndi sola padenga. Anthu a bungwewo anati laibulale iliyonse imene aithandiza ikhale ndi bulogu. Bulogu, iwe Chisomo, ndi tsamba la pa intaneti limene munthu amalembapo nkhani zake n'kuikapo zithunzi, aliyense n'kumawerenga. Ine nthawi imeneyo ndinkayesa ndi dzina la mankhwala a mbewu.

A Hedi anandiitana ku ofesi. "A Faisoni, mwagwira ntchito, sitikana. Koma izi tsopano n'za anthu a mapepala. Teremu ino ikamatha bulogu isanaoneke, kiyi mupereke kwa mphunzitsi."

Ndinati, "Mapepala ake ati? Amene ndinayanika pa malata aja?"

Sanaseke. Inenso sindinkaseka.

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Mulipa, mphunzitsi wa sitandade seveni, mayi wa imvi zake, amene anapitako ku maphunziro a makompyuta masiku ochepa chabe. Ankati, "Inenso ndine wakhungu, a Faisoni, koma diso limodzi likuonako. Gwirani ndodo." Ana akaweruka tinkakhala awiri kutsogolo kwa chinthucho. Tsiku loyamba anandipatsa kachida kaja mumakatcha mausi. Ndinakanyamula m'mwamba n'kukalozetsa ku galasi ngati tochi. Mayi Mulipa anaseka mpaka kutsamira khoma. Zala zangazi zinazolowera kubudula nsonga za tiyi ndi kugwira chikwanje, ndiye ndikadina chilembo chimodzi pankatuluka khumi. "Muziidina mofatsa, si kapitawo," ankatero. Pasiwedi ndinaiwala katatu. Kachitatuko ndinamenya tebulo, kompyuta n'kuzima, ine n'kuganiza kuti ndaipha. Ndinatuluka thukuta la m'nyengo yozizira. Anali waya chabe atasolotoka.

Netiweki nayo inali ndi makhalidwe ake. M'laibulale inkabwera ngati mlendo wodutsa. Kuti chithunzi chikwere, ndinkatenga foni kupita nayo pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, n'kuimirira pamenepo dzanja m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Koma musandimvere chisoni. Ife tinakula ndi kalata. Mkulu wanga ali ku Joni, kalata tinkakaponya ku positi ku Luchenza, wapansi, kudutsa m'minda ya tiyi kuyambira m'mawa, n'kudikira yankho mpaka chimanga chimene tinabzala polemba chitamasula ngaiyaye. Ndiye kuima pa chulu mphindi khumi n'chiyani kwa ine?

Tsiku lotsegula bulogu, Mayi Mulipa anati, "Lembani mawu oyamba." Ndinalemba monga munthu woleredwa amachitira pofika pakhomo pa eni: "Odi kuno! Ndine Faisoni wa ku laibulale. Muli bwanji nonse kumeneko?" Ndinadina potumizira, n'kupinda manja.

Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Tsiku ndi tsiku ndinkatsegula, kuyang'ana, kutseka.

"A Faisoni, bwanji simukulembanso? Teremu ikutha."

"Sanandiyankhe."

"Ndani?"

"Eni ake. Ndaodira, ali chete. Ndiyambe bwanji nkhani anthu asanandilonjere? Kapena kumeneko kuli maliro?"

Mayi aja anakhala pansi, kugwira m'mimba. Anayesa kundifotokozera kuti pa intaneti munthu umangolowa n'kuyamba kuyankhula, kaya akumva kaya sakumva. Ndinati amenewo ndi makhalidwe a anthu oledzera. Mawa lake nditatsegula ndinapeza yankho pansi pa moni wanga: "Lowani, a Faisoni, mpando uwo. Tili bwino, kaya inu?" Ndinadziwa kuti ndi iwo omwe alemba pa foni yawo, chifukwa ankandiyang'ana m'mbali akunamizira kuchonga makope. Komabe mwambo unakwanira, ndipo ndinalowa.

A Hedi anandipatsa pepala la Chingerezi kuti ndikopere, lonena kuti sukulu yathu ndi yonyadira, ndi chithunzi chawo ataima pa mashelefu anga atagwira buku. Ndinakopera masiku awiri. Mayi Mulipa anandionetsa pamene pamaoneka anthu amene awerenga. Analipo atatu: ine, iwo, ndi a Hedi.

"Anthu safuna tayi," anatero Mayi Mulipa. "Lembani zimene laibulale ino imachitadi."

Iwo ankanena za ana. Za dengu la Loweruka sankazidziwa. Koma ine mawuwo anandilowa. Zaka zonsezi ndinkanyamula chinthu chabwino mobisa ngati wakuba, ndipo mtima unkafuna wina adziwe. Loweruka lotsatira ndinapeza a Esinala atakhala kuseri kwa nyumba yawo, miyendo atatambasula, majombo ali pambali, chala chili pa mzere, milomo ikuyenda. Sanandione. Ndinatulutsa foni n'kujambula. Lolemba ndinakwera pa chulu, n'kulemba pansi pa chithunzicho kuti: "Awa ndi a Esinala, amatchola tiyi. Anayamba ndi buku la nkhuku, lero ali pa buku la sitandade folo. Laibulale yathu imafika mpaka kukomboni."

Apa ndiye panali kupusa kwanga, ndipo ndikuvomera. M'mutu mwanga intaneti inali kutali. Ndinkaganiza kuti owerenga ndi azungu a kutsidya kwa nyanja ndi mabwana a ku Lilongwe, anthu oti a Esinala sadzakumana nawo pa mjigo. Sindinaganize kuti intaneti yomweyo ili m'thumba la kalaliki wa pa sikelo, la wakabaza wa pa siteji ku Luchenza, la mkazi wa kapitawo. Wina anachiona, n'kuchiponya m'magulu a pa foni aja, ndipo pofika Lachiwiri chinali chitazungulira esiteti yonse mpaka ku Goliati. Madzulo a tsikulo, anthu ali pa mzere woyezetsa masamba, kalaliki anakuwa kuti, "Esinala wa sitandade folo, bwera nalo dengu, belu lalira!" Mzere wonse unagwa ndi phwete.

Ine izi ndinali ndisanazimve pamene a Hedi anandiitana mawa lake. Foni yawo inali pa tebulo, chithunzi chili poyera.

"Buku ili m'manja mwa mayiyu ndi la ndani?"

"La laibulale."

"Likutani kukomboni?"

"Likuwerengedwa. Kodi buku limatani?"

"A Faisoni, musandiyankhe ngati ndine mnzanu wa pa bawo. Mabuku awa anaperekedwa kwa ana a sukulu. Lamulo likuti satuluka pa geti. Abungwe akaona izi ati tikugawa katundu wa sukulu m'midzi. Chotsani chithunzichi lero, ndipo buku lililonse lili kunja libwerere pofika Lachisanu."

Ndinamva kutentha kuja kwa pa miyala ndili mwana. Ndinati, "Inu munabwera ndi tayi mabuku awa ali kale pa shelefu. Pamene ankadyedwa ndi chiswe lamulo lanulo linali kuti? Sindichotsa!" Ndinamenya chitseko potuluka mpaka kalendala inagwa.

Ndinafika kunyumba ndikufuka utsi, kuyembekeza kuti agogo anu aakazi andiziziritsa. Iwo anali atamva kale za pa sikelo kwa amayi a kumjigo. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anati, "Mwamaliza? Mwakalipira a Hedi, chabwino. Koma amene mwawavula pagulu ndi a Esinala. Munawapempha?"

Ana inu, ndakhala ndikukangana ndi anthu moyo wanga wonse, ndipo sindinasowepo choyankha. Tsiku limenelo ndinangonyamuka.

Ndinapita kukomboni dzuwa lisanalowe, wapansi, njinga ndinaisiya kuti ndisafike msanga. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinapereka moni m'Chilomwe, kuti mwina afewe. Iwo anapitiriza kusenda, ndipo mphasa sananditambasulire. Ndinaima ngati mtengo wa magetsi.

"Munandifunsa?"

"Sindinakufunseni."

"Zaka zonsezi ndinkabisa buku pamimba ngati mimba ya pathengo, inu mukudziwa chifukwa chake. Lero mwana wobadwa dzulo, amene ndinamuona akuyenda wopanda kabudula, akundiitana ngati mwana wa sukulu."

"Ndalakwa, mayi. Ndichotsa pompano. Ndikwera pa chulu chilichonse chili pafupi."

"Tabweretsani ndione. Aliyense waona kupatula mwini nkhope."

Ndinawapatsa foni. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa mawu a pansi aja n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, osapempha thandizo. Atafika kumapeto anakweza maso.

"Mwanama apa."

"Pati?"

"La folo ndinamaliza mwezi watha. Limene lili m'manjali ndi la faifi. Munthu wa laibulale osadziwa mabuku ake?"

Ndinayang'anitsitsa, ndipo zinali zoona.

"Mukonze pamenepo," anatero. "Koma chithunzicho musachotse. Kuseka aseka kale, sangabweze. Mukachotsa aziti Esinala wachita manyazi, wakalira kwa a Moto. Ine manyazi ndinachita dzulo, lero atha. Kalalikiyo ndamufunsa m'mawa uno kuti amayi ake ali sitandade chani, anthu amuseka iye." Anatola mpeni wawo. "Koma tsiku lina mukadzajambula munthu, muzipempha. Khalani pansi apo, mukunditchingira kuwala."

Kuyambira tsiku limenelo sindijambula ngakhale mwana osapempha make. Zimenezi sanandiphunzitse Mayi Mulipa, ndipo pa kompyuta palibe batani lake.

Lachinayi komiti ya sukulu inakumana. Ndisawanamizire a Hedi, mfundo anali nazo: lamulo analipeza, sanalipange okha, ndipo ankaopa kuti sukulu ingataye thandizo. Apampando a komiti, munthu wofatsa amene timapemphera naye, anati, "A Faisoni, nkhaniyi ndi yaing'ono. Chotsani chithunzi, pepesani, dengu lija mulisiye, kiyi akhale wanu."

Ndinati, "Mwini chithunzi wati chisachoke. Ndinamulakwira kamodzi pochiika osamufunsa. Mukufuna ndimulakwire kawiri?"

A Hedi anati bulogu ndi ya sukulu, ndipereke pasiwedi achotse okha. Ndinawauza kuti ndinaitsegula ndi imelo yanga, pa foni yanga, pa chulu cha Mulungu. Zimene zinali zawo ndinali nditachotsa kale m'mawa womwewo: dzina la sukulu pamwamba, Chingerezi chawo chija, ndi chithunzi cha tayi. Kuchotsa ndinkakudziwa bwino, Mayi Mulipa anandiphunzitsa. Zotsalazo zinali zanga ndi za a Esinala.

"Ndiye mwasankha nokha," anatero apampando.

Ndinamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi pamene anakhala zaka zonsezo, n'kumuika pa tebulo. Sindinamuponye, ngakhale dzanja linkafuna. Mulembe penapake zimenezo, chifukwa agogo anu aakazi sakhulupirira mpaka lero.

Lachisanu linali tsiku lobweza mabuku. Ndinali nditatumiza mawu m'makomboni kuti aliyense apereke lake kwa mwana wa sukulu, mobisa monga mwa masiku onse, kuti pasapezeke wina wochita manyazi. Ine ndinakaima kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mapeyala, kuti ndione ngati onse abwerera, poti dzina langa linali pamenepo.

Sanatume ana. Ataweruka ku sikelo anabwera okha, mumsewu waukulu, majombo ali kuphazi, mapulasitiki akadali m'chiuno. A Esinala patsogolo, buku lili pamutu ngati mtsuko. Pambuyo pawo amayi amene ndinkawapatsira mabuku kuseri kwa bafa, aliyense lake m'manja, poyera. Abambonso analipo: woyendetsa thirakitala, mlonda wa ku fakitale, ndi kapitawo mmodzi wa ndevu atagwira kabuku ka zithunzi za nyama, nkhope ili gwa ngati akupita kukamenyana. Ambiri a iwo sankadziwa kuti mnzawo wa khomo loyandikana nayenso amabwereka. Ankayang'anana n'kumaseka, wina n'kumati, "Inunso, achimwene?" Ana a sukulu anatuluka m'makalasi, ena kubisa nkhope poona agogo awo, ena kuwathamangira.

A Hedi anatuluka mu ofesi. A Esinala anatsitsa buku, n'kugwada pang'ono mwaulemu wake.

"Tabweza katundu wanu, aphunzitsi. Muone ngati lang'ambika."

"Zikomo, mayi. Ikani pa tebulo apo."

"Tiika. Koma tifunse nawo, ife osaphunzira. Lamulo likuti mabuku asatuluke. Likutinso makolo asalowe?"

A Esinala sanadikire yankho, anapitiriza.

"Chifukwa njerwa za chipinda chimenechi tinaumba ndife, kudambo uko, ndipo ine ndatsala ndi masamba asanu ndi limodzi kuti ndimalize."

Mayi Mulipa ndi amene anali atapatsidwa kiyi m'mawa umenewo. Anayang'ana a Hedi, a Hedi anayang'ana anthu aja, kenako anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Mayi Mulipa anatsegula chitseko. Anthu anavula majombo pakhonde, n'kulowa, n'kukhala pa timipando ta ana, mawondo kufika pachibwano. Ine ndili kunja kwa mpanda. Kachitsotso kanandilowa m'diso, musandifunse zambiri.

Musaganize kuti ndinapambana zonse. Dengu la Loweruka linatha. Amene amakhala makomboni akutali, ndi nkhalamba zosatha kuyenda, mabuku sawaonanso, ndipo zimenezo zimandiwawa tsiku lililonse. Kiyi sanabwerere. Chimene chinatsala n'chakuti Loweruka masana Mayi Mulipa amatsegulira makolo, a Hedi amanamizira kuti sakuona, ndipo ine ndimalowa monga wina aliyense, kuvula nsapato pakhomo, kupempha buku pa mashelefu amene ndinakhoma ndekha. Akalisanja molakwika ndimaluma mlomo. Nthawi zina sindiluma.

Bulogu ikuyenda. Ndimalemba za mabuku amene ndawerenga, za mvula, za mmene tinkakhalira kale m'tiyi. Anthu a kwathu kuno amene ali ku Joni ndi ku Blantyre amayankha, ena kufunsa za amayi awo, ena kungotukwana kalembedwe kanga. Amenewo ndimawayankha bwino lomwe, mpaka Mayi Mulipa anandionetsa batani losungira mawu kuti ndiziyamba ndagona ndisanatumize. Limathandiza, koma osati masiku onse.

Tsono sabata yatha bambo anu anaimba foni. Ati anakumana ndi apampando, ndipo akuti khomo silinatsekeke: ndikalemba kalata yopepesa n'kuchotsa chithunzi chija, kiyi abwerera, chifukwa Mayi Mulipa ntchito yawachulukira. Bambo anu ndi mwana wabwino, amaopa kuti ndikhala pakhonde n'kumakangana ndi nkhuku. Ndipo ndisabise, chipinda chija ndimachifuna. Fungo lake ndimalimva ngakhale ndili kumunda.

Ndiye sindinayankhe ndekha, poti ndinaphunzira. Dzulo ndinapita kukomboni kukafunsa mwini nkhope. Ndinawafotokozera zonse, kuti akalola, ine ndibwerera pa ntchito. A Esinala anandimvetsera mpaka kumapeto, chala chili pakati pa buku kuti tsamba lisatayike. Kenako anati, "A Moto, ngati mukufuna chochotsa, kachotseni mano anu awiri otsalawo."

Mukawauze bambo anu choncho, monga ndalemberamu, osachepetsa.